Mkate Wosamasulidwa

Panali mayi wina wamasiye amene anali ndi ana aamuna awiri, onse a ndevu zawo, ndipo anawo sankalankhulana. Udani wawo unayambira pa maliro a bambo awo. Wamng'ono, amene ankagwira ntchito m'tauni, anafika manda atakwiriridwa kale, ndipo wamkulu ananena pamaso pa anthu kuti, "Mupatseni mpando mlendoyo." Kuyambira pamenepo, moni ankatumizirana kudzera mwa akazi awo.

Bamboyo anali wonyamulira alendo katundu m'phiri, ndipo anamwalira asanakwaniritse lonjezo lake lokawafikitsa anawo pamwamba pake. Mayiyo ataona kuti matenda amufooketsa, anawaitana nati, "Kwerani phiri la bambo anu, awiriwiri. Mukabwere mukulankhulana ndisanatseke maso. Sindikupemphani chinanso."

Ulendowo unali wa masiku angapo. Mayiyo anakonza yekha kamba wa paulendo, ali chikhalire pamphasa chifukwa miyendo inali itatupa. Oyang'anira phirilo sankalola mapepala apulasitiki kapena zitini, koma iye sanadandaule nazo. Anakazinga chimanga ndi mtedza, nammangira aliyense m'kansalu kake. Potsiriza anasinja nthochi zakupsa pamodzi ndi ufa, anawamba masamba a nthochi pamoto kuti afewe, nakulunga mkate umodzi waukulu. Atauphika, anaumanga ndi luzi, naupereka kwa wamkulu.

"Umodzi wokha, amayi?" anafunsa wamng'ono.

"Uli ndi mimba zingati iwe?" anatero mayiyo. "Tsamba si botolo, lilibe chotsekera. Mukamasula, mudye wonse pomwepo. Pakamwa pamodzi sipangaumalize."

Anakwera, wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo. Pamtsinje woyamba anakhala pa miyala iwiri yotalikirana. Wamkulu anagwira luzi lija, nati mumtima, "Andipemphe, ndine wamkulu." Wamng'ono anamva fungo la nthochi, nati mumtima, "Mlendo sapempha, amaitanidwa." Aliyense anamasula kansalu kake, nakukuta chimanga. Phokoso la mano ndilo linali kucheza kwawo.

Zinatero tsiku lotsatira, ndi linzake. Dzuwa linkawomba chikwama masana, mvula n'kuchinyowetsa. Wamkuluyo sanaiwale mkatewo. Ndikuti anakana, sindikuti anaiwala, pakuti mawu awiriwa ndi osiyana. Ankaumva kulemera kwake pamsana ulendo wonse.

Pamwamba pa phiri panali mphepo ndi miyala basi. Wamkulu anaganizira za bambo ake, amene ankafika pamenepo atasenza katundu wa eni, ndipo mtima wake unafewa. Anaika mkate pamwala pakati pawo, nadula luzi. Wamng'ono anasendera pafupi. Koma tsamba litatseguka, mkate unali utasasa, utachita chuku mpaka m'kati. Wamng'ono anautokosa ndi kamtengo kufuna pabwino, ndipo sanapapeze. Anayang'ana mkulu wake, wamkulu anayang'ana kumbali. Anaukwirira pansi pa miyala, natsika monga anakwerera.

Kunyumba anapeza mayi awo atagonekedwa pakhonde, mawu akutuluka movutikira.

"Mkate uja munadya?"

"Tinadya, amayi," anayankha onse pamodzi.

"Sunachepe shuga?"

"Unali bwino kwambiri," anatero wamng'ono. "Achimwene anachita kunyambita tsamba."

Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. Anagwira dzanja la uyu ndi la uyu, nawaphatikiza pachifuwa pake. Sanakhalitse. Anamwalira akukhulupirira kuti ana ake agwirizana. Pamaliro ake anawo anakhala mbali ziwiri za bwalo, ndipo mwambo utatha wamng'ono anakwera basi osatsanzika.

Adzukulu anga, ena a inu mukusunga mawu oti "pepani", mukuyembekezera malo oyenera ndi tsiku loyenera. Mukuganiza kuti mudzawapeza monga munawasiyira. Ine ndakhala zaka zambiri, ndaona abale ambiri akudikirana, ndipo sindikukulonjezani kuti mudzachita bwino kuposa awiriwa. Ndaona ochepa kwambiri amene anafulumira. Ngati m'bale wako ali pomwe angakumve, lankhula lero, ngakhale iye ndiye analakwa. Mukachedwa, chokhacho chimene mudzagawane ndi bodza louza munthu amene akufa.