Nduwira ya Kamtsitsi ndi Chilombo cha Mitu Itatu

Kalekale, mapiri asanakhazikike, Kamtsitsi anachita zoletsedwa: anavala nduwira ya malemu malume ake asanalongedwe ufumu. Mikanda yake itangong'anima padzuwa, nthaka inang'ambika. Munatuluka Chindundu, chilombo cha mitu itatu, n'kumunyamula ndi nduwira yomwe.

Amuna onse anabisala m'nkhokwe. Amene anatsatira mapazi a chilombocho ndi mlongo wa Kamtsitsi, Ndaziona, kamtsikana kamene ankangokatuma kumadzi.

Panjira anaolotsa nanzikambe pamtsinje. "Thyola tsekera limodzi," anatero nanzikambe. "Ukalithira malovu lisanduka chikwanje."

Pakhomo pa phanga panali zigaza zoposa maungu a m'minda khumi. Kamtsitsi anali chimangire pambali pa mphika wobwadamuka. Mitu ija inkalimbirana nduwira, uliwonse m'chinenero cha mafumu amene unawadya.

"Mphumphu njane!" unakuwa wodya Atumbuka.

"Taji langu!" unabangula wodya Aswahili.

"Nduwirayi ndi yanga, agalu inu!" unatero wapakati. Kenaka unanunkhiza. "Ha! Ndiwo yabwera yokha."

Ndaziona analowa m'phangamo. "Agogo," anatero, "ufumu sadziveka. Amaveka ndi mbumba, ndipo mbumba ya nduwirayi ndine."

"Ndiye utiveke, tikudye pambuyo!"

"Wolongedwa amagwada, n'kuwerama, n'kutsinzina mpaka nthungululu italira. Wosuzumira, ufumu wamuthawa."

Chindundu chinagwada, mitu yonse n'kuisanjika pachipika, maso tsinzini. Ndaziona anayesa kulavulira tsekera lija, koma m'kamwa munali gwa! Mantha anali ataumitsa malovu.

"Ukuchedweranji?" unalusa wapakati, chikope chikuphethira.

Anadziluma lilime mpaka magazi, n'kulavula. Chikwanje chinang'anima m'manja mwake. Kha! Mutu wa kumanja unagubuduka. Kha! Wa kumanzere.

"Chikulira n'chiyani, iwe?"

"Ndi ng'oma, agogo. Musatsegule, zatsala pang'ono."

Mutuwo unamwetulira, mano ngati makasu. Kha!

Ndaziona anamasula Kamtsitsi, n'kutola nduwira ija. Atafika kumudzi, amuna anatuluka m'nkhokwe, anankafumbwe ali m'tsitsi, n'kumunyamula Ndaziona pamapewa. Akuluakulu anamuyalira mkeka wakewake pabwalo.

Tsiku lolonga ufumu, Kamtsitsi anagwada pamaso pa mlongo wake, n'kuwerama, n'kutsinzina.

"Achemwali," ananong'ona, "chikwanje chija munachisiya kuti?"

Ndaziona anakoka mfundo ya nduwira mpaka kuthina. "Chili pompano, achimwene. Mulamule bwino."