Chitseko Chogula ndi Uchi

Mayi Radojka anakhala pabanja ndi a Milisav zaka zokwanira kudziwa kuti mwamunayo akangoima pabwalo, manja kumbuyo, maso pa chinthu chimodzi, ndiye kuti mtendere watha pakhomopo. M'mawa umenewo anawaona pawindo la kukhitchini ataima chomwecho, akuyang'anitsitsa shedi yoimikamo galimoto. Mtima wa mayiwo unangoti myuu.

Shediyo sinali yodabwitsa: nsanamira zinayi zachitsulo ndi denga la malata, mbali zonse pululu. M'menemo ndi momwe a Radojka ankawotchera tsabola chaka ndi chaka. Koma tsopano munali galimoto ya mwana wawo Uroš, yakuda, yotakata, yofunditsidwa lona. Uroš anabwera nayo kuchokera ku Jeremani pa Pasaka, n'kuisiya, iye n'kubwerera kuntchito pabasi makiyi ali m'thumba mwake, pakuti bambo ake ankawadziwa bwino. Galimotoyo inali ndi ntchito imodzi yokha: kutsogolera mdipiti pa tsiku la ukwati wake mu Ogasiti, kukatenga mkwatibwi Tijana kumudzi wa tsidya la mtsinje. Kwawo kwa Tijana kunali anthu odzimva, amene ankanong'onezana kuti mwana wawo akukagwera kwa oweta njuchi. Uroš anadzimana zambiri kudziko la eni kuti adzawatseke pakamwa ndi galimoto imeneyo.

"Matalala," anatero a Milisav polowa m'nyumba, ngati munthu wabwera ndi uthenga wamaliro. "Chaka chatha anaboola malata kwa a Obrad. Akadzabwera cham'mbali ndi mphepo, galimoto ya mwana idzasanduka sefa. Nditseka shedi ija, ikhale galaja."

"Ndi ndalama ziti, abambo inu? Zonse zapita ku nkhumba za ukwati ndi kwa oimba malipenga."

"Wanena za ndalama ndani? Njerwa zilipo, khola lakale lija likungogwa lokha. Mchenga uli kumtsinje. Manja ndi awa."

"Ndiye itanani moba. Anthu abwere Loweruka, pofika madzulo zonse zatha. A kum amanga nyumba zingati ku Austria?"

Pamenepo ndiye a Radojka anaponda pachilonda. Kuno munthu akamamanga amaitana moba: anansi amabwera ndi zipande zawo, iwe n'kuwaotchera mwanawankhumba, n'kuwathirira rakija, kachasu wa kuno, khoma n'kuima tsiku lomwelo. Koma kwa a Milisav moba unali ndi zilema ziwiri. Choyamba, anthu amadya. Chachiwiri, a kum amalankhula. A kum amenewa, a Živorad, ndiwo anaimirira pa ukwati wawo ngati mboni, ndiwo ananyamula Uroš pa ubatizo, ndipo ndi omwewo ankayembekezeka kudzaimiriranso pa ukwati wa Uroš. Munthu wotere ndiye kum, ndipo awiriwo poitanana amati kume. Amati kumwamba Mulungu, pansi pano kum, ndipo palibe ankatsutsa. Kungoti pakamwa pa a Živorad sipankatsekeka, ndipo nkhani iliyonse, kaya ya simenti kaya ya kabichi, inkathera ku Austria.

"Ndimve za ku Austria tsiku lonse, pakhomo panga pomwe, munthu akutafuna nkhumba yanga? Ayi mayi, zikomo kwambiri."

Ntchito inayamba tsiku lomwelo, ndipo a Radojka anaona zosaona. Mbaula yawo yowotchera tsabola inaponyedwa kuseri, pamvula. Wilibala inatsegula msewu pakati penipeni pa maluwa awo. Zovala akachapa, pokaanula zinkakhala zofiira ndi fumbi la njerwa. Simenti a Milisav ankaithira mumchenga ngati mchere wa munthu amene adokotala amuletsa, akuti amene amathira yambiri ndi amene sadziwa kumanga. Zonsezi mayiwo ankangomeza. Chimene chinawaimitsa mutu n'chakuti makoma ankakwera galimoto ili m'kati momwemo.

"Mukuimangirira mkati?"

"Nanga ndiitulutse ndi chiyani, makiyi ali ku Jeremani? Ndiponso imeneyi ndiyo muyeso wanga. Ikukwana apa, ndiye kuti yakwana."

"Muimbireni mwana, mwina anene mulifupi mwake."

"Ndiziimba foni ku Jeremani kufunsa chinthu chimene chili pabwalo panga? Ndipo musamuuze. Ndikufuna adzadzidzimuke."

Makoma atatu ataima, panatsala kutsogolo. Chitseko chatsopano cha galaja mtengo wake unali woti a Milisav atamva anakhala pansi. Kenako anamva kuti kumsika wa zakale kutauni ya Čačak kuli munthu akugulitsa chitseko chachitsulo cha mapiko awiri, felemu yake ili pomwepo. Anapita kukafundukula lona kutsogolo kwa galimoto, n'kutambasula manja pamphuno pake, pomwe galimoto iliyonse imachepera. "Mikono yanga iwiri ndi chikhato chimodzi," anatero. Kumsikako anatambasulanso manja omwewo pa chitseko chija, kuyambira kunja kwa felemu mpaka kunja kwinako, n'kuona kuti mpata ukutsalako wambiri. Zoti galimoto simadutsa kunja kwa felemu sizinawafike m'mutu.

Madzulo chitseko chinafika pathirakitala. A Radojka anadabwa kuti ndalama zachokera kuti, mpaka atatsikira kuchipinda chapansi kukatenga mbatata. Mashelefu onse a uchi anali mbee. Mabotolo onse amene anakolola chaka chimenecho anali atapita ku Čačak. Pakona panangotsala ndowa ya phula lofinya kale.

Anakwera masitepe atakwiya. "Milisav! Uchi wa mkwatibwi uli kuti?"

"Munthu uja anakana madinala anga, akuti ndalamazo n'zochepa. Uchi ndiye anaulandira ndi manja awiri. Ndapindula, mayi."

"Mwapindula! Mkamwana wanga ndidzamulandira pakhomo ndi chiyani? Ndi supuni ya simenti?"

Funsolo silinali lachibwana. Mkwatibwi akafika pakhomo la kwa mwamuna, apongozi aakazi amamudyetsa supuni ya uchi asanalowe, kuti moyo wake m'nyumbamo ukhale wozuna. A Radojka anali atasankha kale botolo lake, la uchi woyera wa maluwa oyamba, n'kulimanga kansalu pakhosi.

"Njuchi sizinafe," anayankha a Milisav akupukuta felemu. "Zipanga wina."

Njuchi sizinapange wina. Kunja kunauma gwaa mwezi wonsewo, ndipo zinkavutika kudzidyetsa zokha.

Tsiku limene ankamangirira felemu, a kum Živorad anatulukira pageti. Anaima, n'kuyang'ana chitseko, n'kuyang'ana galimoto yofunditsidwayo, n'kuyang'ananso chitseko. Dzanja linapita lokha m'thumba, n'kutulutsa tepi yoyezera imene ankayenda nayo ngakhale kutchalitchi.

"Kume, ndingoyezako pang'ono pokha?"

"Bwezerani m'thumba kanthu kanuko, kume. Khalani pansi, mayi atiphikire khofi."

"Chifukwatu ife ku Austria, tisanaike felemu..."

"Kuno si ku Austria."

A Živorad anayang'ana a Radojka, n'kukweza mapewa, n'kumwa khofi wawo. Mayiwo anaganiza zodzabwereka tepiyo mwakabisira, koma pofika mawa lake chitseko chinali chitapakidwa penti yobiriwira, loko ali pompo, kiyi ili pachingwe m'khosi mwa a Milisav. Kuyambira tsikulo bambowo ankayang'ana kumwamba akumwetulira, kuchita ngati akuwaputa dala matalala. Matalala sanabwere.

Uroš anafika Lachisanu madzulo, wotopa ndi basi, abale n'kumuunjirira, ndipo bambo ake anamuletsa kuyandikira galaja kufikira m'mawa. Kutacha, tsiku la ukwati, pabwalo panadzaza. Oimba malipenga anali atayamba kale, wonyamula mbendera ataledzera kale, atsikana atagwira maluwa ndi matawulo oyera omangirira pa magalasi a galimoto. A Milisav, ali mu suti, anavula chingwe m'khosi pang'onopang'ono kuti aliyense aone, n'kutsegula mapiko onse awiri. Anthu anaomba m'manja. Uroš anawakumbatira bambo ake n'kuwapsompsona katatu m'masaya. Kunena zoona, pamenepo a Radojka anachita manyazi kuti mwina anamuchimwira mwamuna wawo chilimwe chonse.

Uroš anadzipanikiza pakati pa khoma ndi galimoto, n'kulowa, n'kuliza injini. Galimoto inasendera kutsogolo. Mphuno inatuluka bwinobwino, kenako inaima. Anabwerera m'mbuyo, n'kupinda magalasi a m'mbali, n'kuyesanso. Mphuno inatulukanso, mapewa anakana. Malipenga anayamba kuzima limodzilimodzi.

Palibe anawaitana a Živorad, koma tepi inali itatuluka kale m'thumba la suti. Anayeza pakhomo, n'kuyeza galimoto Uroš atatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanatchule Austria.

"Paperewera zala zinayi," anatero motsitsa mawu. "Si imfa, kume. Tichotse mapikowa kaye, kenako timasule felemu kuyambira pamwamba, anyamata ataigwirira. Ansembe adikira pang'ono."

Akanangoti inde, nkhani ikanathera pa kuseka. Koma a Milisav anaona maso a mudzi wonse ali pa iwo, anamva wina kumbuyo akufunsa ngati mkwatibwi abwere yekha adzakwatiwire m'galajamo, ndipo magazi anawakwera kumutu. Analowa m'nyumba ya zida n'kutuluka ndi chinyundo.

"Milisav, mverani a kum!" anakuwa a Radojka. "Kamodzi kokha m'moyo wanu, mverani munthu!"

"Ndamanga ndekha, ndigumula ndekha. Patukani!"

Anamenya pansi penipeni, pambali pa felemu, akuti achotse njerwa ziwiri zitatu. Khoma la simenti ya mchere wa wodwala silinadikire nyundo yachiwiri. Linangoti gumu lonse, felemu n'kupendekera m'kati ndi mapiko ake olemera, n'kugwera pa boneti. Njerwa za pamwamba zinatsatira, galasi lakutsogolo n'kungoti phwaa. Fumbi lofiira linakwera, n'kutera pa masuti, pa maluwa, pa matawulo oyera aja.

Uroš anayenda pang'onopang'ono, n'kutola njerwa imodzi pa boneti, n'kuiika pansi mosamala ngati ingasweke. Sanakalipe, ndipo a Radojka akanakonda akanakalipa.

"Bambo," anatero, "matalala akanandichitira chifundo kuposa apa."

Mdipiti unatsogoleredwa ndi vani yakale ya a kum, yonyamulira zipatso kumsika, matawulo afumbi ali pa magalasi ake. Tsidya lija abale a Tijana anaseka mpaka kugwirana, ndipo nkhani anapeza yoti adzafotokozere zidzukulu. Tijana yekha anakweza diresi n'kukwera vaniyo osafunsa funso, ndipo pa chimenecho a Radojka anamukonda kuyambira tsikulo. Koma pamene mkamwanayo anafika pakhomo, supuni imene mayiwo anamudyetsa inali ya uchi wopempha kwa akazi awo a kum, wogula kusitolo. Mkazi wa mlimi wa njuchi kupempha uchi pa ukwati wa mwana wake yekhayo! Misozi imene anthu ankaiyesa ya chimwemwe inali ya mkwiyo.

Masana, anthu akuvina m'tenti atagwirana manja, a Radojka anazindikira kuti mpando wa bambo a mkwati uli wopanda munthu. Uroš sanafunse za iwo, ndipo sanatembenukeko n'komwe. Mayiwo anakawapeza kuseri, atakhala pa wilibala pafupi ndi mulu wa njerwa, tayi ili m'manja. Ankaoneka okalamba kuposa m'mawa. Chifundo chinawagwira a Radojka pang'ono, koma chinatha msanga bambowo atatsegula pakamwa.

"Munthu wa chitseko uja anandinamiza," anatero a Milisav. Ataona nkhope ya akazi awo anatsokomola. "Pakhosi pandiuma ndi fumbi. Uchi uja watsalako?"

A Radojka anatsikira kuchipinda chapansi, n'kubwera ndi ndowa ija ya pakona, n'kuitula pamapazi pawo. Anaikapo ndi supuni.

"Wanu ndi umenewu," anatero, n'kubwerera kwa alendo.

Tepi inali m'thumba la kum, foni inali m'nyumba, anansi anali kuseri kwa mpanda ndi zipande zawo, ndipo mkazi anali pawindo chilimwe chonse akuwauza. Funso limodzi lokha likanatulutsa galimoto ija yonyezimira, mwana n'kukaima tsidya lija mutu uli m'mwamba. A Milisav anakhala pomwepo ndi ndowa yawo mpaka malipenga atatopa, ndipo zimene akuluakulu ananena kalekale zinawakwana ngati anawayeza ndi tepi: safunsa adadya phula.