Galimoto Yodwala Lamlungu

Pabwalo pa a Dalaivala pankaima galimoto yakale yobiriwira, yaikulu msinkhu kuposa mwana wawo woyamba. Bambowa anapuma kalekale ntchito yoyendetsa mabasi koma dzina linawakanirira, ndipo galimotoyo ankaikonda moti akazi awo ankangoitchula kuti “mkazi mnzanga.” Loweruka lililonse ankaisambitsa ndi payipi kuyambira padenga mpaka kumatayala, kenako n'kutsekula boneti kuti injini nayo imveko kukoma kwa madzi.

Ndiye inayamba kudwala. Akailiza inkanjenjemera ngati munthu wamalungo, kutsokomola, pachitunda n'kumafuna kuzima. Masiku ena inkayenda bwinobwino ngati sinalakwepo. Mwana wawo wamkulu atatopa ndi kuitanidwa kudzakankha, analankhula mosapsatira.

“Bambo, mwezi uno ukatha isanachire ndibwera ndi ogula zitsulo. Sindingadikire kuti idzakuzimireni pakati pa msewu muli ndi amayi.”

Mawuwo anawalasa mumtima a Dalaivala, pakuti kwa iwo galimotoyo inali ngati wachibale. Anavala ovolosi, nasintha mapulagi onse anayi. Linali Lachitatu, ndipo injini inalira mokoma moti anazungulira nayo msewu wonse akuimba lipenga kwa aliyense wowadziwa. Lamlungu chifuwa chija chinabwerera. Anati vuto ndi mafuta akuda, nasintha fyuluta. Sabata yotsatira anamasula kabuleta, tizitsulo n'kutiyala panyuzipepala khonde lonse, pafupi ndi makina osokera pomwe akazi awo ankakhala tsiku lonse.

“Bambo a ana, ndinenepo kanthu?” anatero mayiwo, maso ali pa nsalu.

“Mayi, zaka makumi atatu ndili pachiwongolero. Injini si diresi. Inu tandipangirani tiyi.”

Mayiwo anangomwetulira n'kukateleka madzi. Amuna awo ankawadziwa bwino, munthu wamtima wabwino koma makani ngati nkhuni yaiwisi.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, a Dalaivala anagwira njakata. Ndi manyazi anaitana mlamu wawo wamakaniko, mchimwene wa akazi awo. Iye atafika sanakhudze sipanala. Anakhala pampando n'kufunsa kuti galimotoyo imavuta nthawi yanji.

“Ilibe tsiku, alamu. Imangochita mmene yafunira,” anayankha a Dalaivala.

“Nanga inu achemwali, poti mumakhala nayo pano, mumaimva bwanji?”

Mayiwo anaimitsa makina. “Tsiku ili nalo. Lamlungu ndi Lolemba imatsokomola, Lachiwiri pang'ono, pofika Lachitatu yachira. Ikangosamba basi, chimfine.”

Makanikoyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anatsekula boneti n'kuchotsa kachivundikiro komwe mawaya opita kumapulagi amatulukira. Atakatembenuza padzuwa, onse anaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, ndipo mkati munali timadontho ta madzi.

“Alamu, moto wa injini umadutsa muno, ndipo moto ndi madzi sizimwerana. Madzi anu a Loweruka amalowera apa, n'kutenga masiku atatu kuti aume. Mapulagi aja munawataya osalakwa.”

A Dalaivala anayang'ana payipi yomwe inali itakulungidwa bwino pamsomali, kenako akazi awo. Manyazi anawagwira, komanso mtima unakhala pansi koyamba m'mwezi wonsewo.

“Ndiye bwanji osandiuza, mayi?”

“Pakamwa ndinali napo, bambo. Makutu ndi omwe anasowa.”

Tsiku lomaliza la mwezi mwana uja anafikadi ndi lole ya ogula zitsulo. Anapeza galimoto ikulira mwakachetechete, kachivundikiro katsopano kali m'malo. Anaika dzanja paboneti, namvetsera nthawi yaitali, kenako anapita kukapepesa anthu a lole aja kuti abwerere.

“Mwaichiritsa bwanji, bambo?” anafunsa atabwerako.

A Dalaivala anakonza kukhosi kuti adzitame monga mwa masiku onse, koma m'malo mwake analoza akazi awo pakhonde.

“Funsa amayi ako, mwanawe. Dokotala anali pakhonde pomwepa mwezi wonse, ine ndikuvutika ndi sipanala. Ndikanaiperekeza ndekha kwa ogula zitsulo chifukwa chosafuna kumva.”

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.