Shuga wa a Matewere

Akuti a Matewere ankakonda mawu a Chingelezi akuti "slightly", kutanthauza pang'ono chabe. Tiyi ankamufuna wotsekemera slightly, koma Dailesi, wantchito wawo, akathira shuga ankangokalipiridwa.

Tsiku lina anamuopseza. "Ukalakwitsanso lero, ulongedze!"

Dailesi anagwada. "Bwana, thirani nokha m'kapu iyi, ndikaonereko kukhitchini."

A Matewere anathira, natakasa monyadira. Dailesi anatuluka nayo kapuyo, naima kuseri kwa chitseko, nabwera nayo yomweyo.

Atangolawa, bwana analavula. "Manyuchi awa! Slightly imeneyi?"

"Pepani bwana, ndi kapu yanu ija, sindinathiremo kanthu," anatero Dailesi mofatsa. "Ndiye ndikutengereni chikwama chiti?"

Akazi a bwanawo, omwe ankaonerera zonsezi, anaseka mpaka kutsamwa. Za kulongedza sizinamvekenso pakhomopo.