Makina a Monji ndi Mpanda wa Haji Tijani

Sabata imeneyo panyumba pa Monji, pachilumba chathu cha Kerkennah, pankanunkhira mtedza wa amondi wokazinga ndi uchi. Mkazi wake Wasila anali kalikiliki kuphika makeke, chifukwa Lachisanu a kwa Haji Tijani ankabwera kudzawerenga pemphero la Fatiha, kutomera Sihem, mwana wa Monji, kuti adzakwatiwe ndi Lotfi, mwana wa Haji. Chitomero chimenechi chinabwera movutikira. Mayi ake a Lotfi anakana kwa nthawi yaitali, amvekere mwana wawo sangakwatire kubanja lopanda malo m'nyanja, ndipo anavomera mokokedwa. Choncho Wasila ankachigwira ngati dzira, ndipo mtima wake sunkakhala m'malo.

Haji Tijani anali ndi sharfiya yaikulu, mpanda wa nthambi za kanjedza wozikidwa m'madzi osaya, umene umalondolera nsomba mpaka m'mono. Malowo anawasiyira ndi agogo awo. Monji analibe ngakhale nthambi imodzi m'nyanja. Anali ndi boti lake basi, ndi manja odziwa zitsulo. Injini ikakana kulira padoko, onse tinkathamangira kwa iye. Koma munthuyu anali ndi nthenda imodzi imene tonse tinkaidziwa: kufunsa mnzake kwa iye kunali ngati kuvula pagulu.

Inali nyengo yozika mipanda yatsopano. Monji anadzipereka kuti Lachinayi adzanyamula mtolo womaliza wa nthambi za Haji pa boti lake. Sizinamukwanire. Ankafuna kuti asewere akewo akaone chinthu chimene boti lililonse padoko linalibe, makina aja owongolera boti okha mwini wake atapinda manja. Ndiye anakwera sitima yapamadzi kukagula makinawo ku Sfax, mzinda wa kumtunda.

Wamalonda wa m'sitolo ya zipangizo za maboti anali bambo wofatsa, wa magalasi pamphuno.

“Chiwongolero cha boti lanu n'chawaya kapena chamafuta?” anafunsa.

“Chawaya,” anatero Monji.

“Ndiye mufunika mota iyi. Ili ndi kilachi. Mukangodina batani imasiya chiwongolero, manja anu n'kutenga.”

“Mota ndili nayo kunyumba. Ndinaichotsa m'boti la azungu limene linaswekera kwathu. Ingondipatsani kabokosi kolamulako ndi kampasi yake.”

“Mota yanuyo ndi yamtundu wanji?”

“Yozungulira,” anayankha Monji, anthu m'sitolomo n'kuseka.

Wamalonda nayenso anaseka, koma sanamusiye. “Chabwino, achimwene. Nanga kampasiyi mukaiika pati? Khalani pansi ndiitanitse tiyi, ndikuuzeni mawu awiri okha.”

Tsoka lake, m'sitolomo munali asodzi ena a kwathu, ndipo anali atatchera khutu. Monji anaona kale nkhani ikuyenda padoko, kuti katswiri uja anakhazikidwa pampando ngati mwana wasukulu. Ananyamula katundu wake.

“Sitima indisiya,” anatero.

“Mundiimbire foni musanalowe nazo m'madzi!” anafuula wamalonda uja, koma Monji anali atafika kale pamsewu.

Kunena zoona, ntchito anaigwira yooneka bwino. Mota ija analumikiza kuchiwongolero ndi tcheni cha njinga yamoto. Popeza inalibe kilachi, tcheni chikakhala pamalo pake chiwongolero sichinkatheka kupotoza ndi manja. Kuti munthu awongolere yekha ankayenera kumasula nati n'kuchotsa tchenicho. Monji anati imeneyo ndi ntchito ya kuphethira kwa diso. Kampasi anaikhomera m'kabati yamatabwa pansi pa chiwongolero, pouma bwino, pomwe amasungira zinthu zosafuna madzi.

Atapita kukayesa, boti linayenda mowongoka mpaka iye anayamba kuimba. Kenaka anakankhira bokosi lake la masipanala pafupi ndi kabati ija kuti apeze pokhala, ndipo boti linakhotera kumanja ngati laledzera. Analumpha, mwendo wake n'kukankha bokosi lija kutali, boti n'kubwerera m'njira. Anayesanso kangapo, osaonanso vuto. Anati ndi mafunde.

Pachakudya chamasana anaitchula nkhaniyi ngati nthabwala. Wasila anasiya sipuni m'mbale ya chakudya chathu cha kuskusi.

“Bambo a Sihem, mafunde ati? Nyanja lero ili zii ngati mafuta. Imbani foni kwa munthu wa kusitolo uja.”

“Ndimufunse chiyani? Iye uja amadziwa kugulitsa, ine ndimadziwa kumanga.”

“Kufunsa sikuchotsa ndevu. Mawa mukunyamula Haji, ndipo mkucha ndi tsiku la mwanayu. Ngati simuimba, bwanji mawa muwongolere ndi manja monga mwa masiku onse? Zoonetsazo mudzaonetse ukwati utatha.”

“Iwe samala makeke ako asapserere. Za boti undisiyire.”

Sihem, amene sankalowerera nkhani za bambo ake, anayankhula motsitsa mawu. “Ababa, Lotfi akhala ali m'madzi mawa.”

“Ndiye akaone mmene apongozi ake amayendera,” anatero Monji akuseka. Palibe wina anaseka.

Lachinayi m'mawa anapakira nthambi mpaka mulu unatalika kuposa munthu. Kutsogolo sikunkaoneka pokhapokha utasuzumira m'mbali. Lotfi ndi abale ake anali atatsogola kale pa boti laling'ono kukazika nthambi zimene zinatsala dzulo lake. Haji Tijani anafika padoko ndi ndodo yake kudzanja lina, kwina atanyamula kasilinda ka gasi ndi ketulo. Kuno kwathu munthu akhoza kuiwala nsapato, koma salowa m'nyanja wopanda tiyi.

Atatuluka padoko, Monji analoza boti kuti likadutse m'mbali mwa mpanda wa Haji, patali bwino, mpaka kukafika kumapeto kumene anyamata ankagwira ntchito. Anakoleka tcheni, anamanga nati, n'kudina batani. Kenaka anachotsa manja, n'kuwaonetsa m'mwamba.

“Mwaona, Haji? Woyendetsa uyu satopa, sasuta fodya, sapempha gawo la nsomba.”

“Ndi zodabwitsa,” anatero Haji, koma maso ake sanachoke pachiwongolero chimene chinkadzigwedeza chokha. “Nanga akalakwitsa, mumamukalipira bwanji?”

“Salakwitsa ameneyu.”

Mphepo inkawomba kuchokera kumbuyo, ndipo moto wa pa kasilinda unkangozima. Haji anayang'ana uku ndi uku kufuna pobisalira mphepo, n'kukokera kasilinda kaja pafupi ndi kabati ya pansi pa chiwongolero, mpaka kukagunda thabwa. Moto unayaka bwino. Monji anaona zonsezi, ndipo anathandiza ngakhale kutchinga ndi thumba. Kumbuyo kwa thabwalo kunali kampasi.

Boti linapendekera pang'ono, mota n'kulira, kenaka zonse zinakhala bata. Anakhala pansi kumbuyo, kuyembekeza tiyi kuti awire. Patapita kanthawi Haji anagwira khosi lake.

“Monji, dzuwa linali pakhutu langa ili. Bwanji tsopano likundiwotcha pankhongo?”

Mumtima mwa Monji munadutsa bokosi la masipanala lija. Ndikunena pano kuti anakumbukira ndithu. Akanatha kuimirira n'kusuzumira. Akanatha kunena kuti Haji, inu mwakalamba panyanja ino, kodi tili m'njira? Koma anali atangonena kumene kuti makina salakwitsa, ndipo mawuwo anali adakali otentha. Anayang'ana manambala a pakabokosi, n'kuona kuti ndi omwe aja anaika.

“Dzuwa limayenda, Haji. Manambala awa sanasunthe. Imwani tiyi.”

Haji anathira tiyi m'timatambula, koma sanamwe. Ankamvetsera. Madzi pansi pa boti anali atasintha kalilidwe, monga amachitira posaya. Kenaka kunamveka kufuula, kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa mulu wa nthambi.

“Khotani! Amalume Monji, khotani!”

Monji anasuzumira m'mbali. Mpanda sunali kumanzere kumene anausiya. Unali pamphuno pa boti, wautali, wobiriwira, ndipo patsogolo pake panali mitu ya anthu, madzi ali m'chifuwa. Anagwira chiwongolero n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Sichinasunthe. Anadina batani, mota inaima, koma tcheni chinali chitagwirabe chiwongolero nganganga. Anafufuza sipanala, ndipo bokosi linali kutali pansi pa nthambi, komwe analiika yekha.

“Zimitsa injini!” anakuwa Haji. “Iwe, zimitsa injini!”

Anazimitsa, koma mochedwa. Boti linali lolemera, ndipo mphepo inkakankha mulu wa nthambi uja ngati thanga. Munthu amene madzi ali m'chifuwa, mapazi ali m'matope, sathamanga. Abale a Lotfi anadziponya uku ndi uku. Lotfi anali pakati, atanyamula nthambi paphewa, ndipo boti linamupanikiza kumpanda lisanaugwetse. Linapitirira ndithu, likuthyola nthambi, likuphwanya timakomo tolowera nsomba, mpaka linakatsakamira pamwamba pa mono, m'kati mwenimweni mwa sharfiya.

Anamuvuula Lotfi ali moyo, atamwa madzi, mkono ukulendewera ndiponso nthiti zitathyoka. Haji Tijani anatsikira m'madzi ndi zovala zake, nkhalamba yonse ija, n'kugwira mutu wa mwana wake. Sanatukwane. Sanamuyang'ane n'komwe Monji, ndipo Monji akanakonda kumenyedwa ndi ndodo ija. Anamutengera Lotfi pa boti laling'ono, masana omwewo n'kumukweza sitima ya kuchipatala ku Sfax. Monji anatsala yekha pakati pa mpanda wogumuka, akumasula nati ija.

Nthambi zabwino pachilumba zinali zitatha, aliyense atazika zake. Zimene zinali pa boti sizikanakwanira ngakhale kutseka pomwe linadutsa. Aliyense padoko anadziwa kuti chaka chimenecho nsomba za banja la Haji zidzangodutsa.

Lachisanu Wasila anayalabe nsalu patebulo, n'kuika makeke m'mbale zazikulu. Anati mwina abwera ngakhale mmodzi, Fatiha sifuna khamu. Sihem anavala diresi lake lobiriwira n'kukhala pafupi ndi zenera. Njinga yamoto iliyonse ikamadutsa pamsewu, amayi ndi mwana ankayang'anana. Monji ankangozungulira pabwalo, osalowa m'nyumba, osatuluka pageti. Nthawi ya swala, pemphero la masana, inadutsa, dzuwa linapendeka, tiyi anawira n'kuzizira. Kenaka kunabwera mlongo wake wa Haji, yekha, ndipo anakana kukhala pansi.

“Haji ati tiyambe tadikira,” anatero ali chiimire pakhomo. “Mayi a Lotfi ati mwana wawo achire kaye, zina tidzaona.”

Kwathu kuno mawu akuti tidzaona timawadziwa. Wasila anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Sihem analowa kuchipinda n'kukavula diresi lija.

M'mawa mwake Monji anakwera sitima kuti akamuone Lotfi. Mayi ake a mnyamatayo anamuimitsa pakhomo la chipinda, n'kumuuza kuti wodwala wagona. Anaima pamsewu kwa nthawi, kenaka miyendo inamutengera kusitolo kuja. Ulendo uno anakhala pampando asanauzidwe, n'kufotokoza zonse. Wamalonda anavula magalasi.

“Kasilinda ka gasi munakaika pati?”

“Pafupi ndi kabati. Kampasi inali m'katimo.”

“Mayo ine! Achimwene, chitsulo chimakoka kampasi. Kaya ndi silinda, kaya nangula, kaya masipanala, zikayandikira kampasi imanama, ndipo makina amatsata bodzalo mokhulupirika. Aliyense wa kuzilumba ndimamuuza zimenezi, chifukwa ndikudziwa kuti simuyenda opanda tiyi. Limeneli ndi loyamba mwa mawu awiri aja. Linalo linali loti musalowe m'madzi ndi mota yosasiya chiwongolero.”

Monji anafika kunyumba madzulo. Anapeza Sihem akulongedza makeke aja m'timbale kuti akagawire anthu oyandikana nawo, asanaonongeke. Mtsikanayo sanakweze mutu.

“Lotfi mwamuona, Ababa?”

“Sanandilole.”

“Nanga munthu wa kusitolo uja wati chinavuta n'chiyani?”

Monji anamuuza. Nkhani yonse inatha Sihem asanadzaze kambale kamodzi.

“Basi?” anafunsa. “Mawu okhawo?”

“Okhawo, mwanangu.”

“Ndipo anafuna kukuuzani tsiku lomwe lija?”

Sihem ananyamula timbale tija, anafunda mpango kumutu, n'kumudutsa bambo ake pakhomo osamukhudza. Anayenda khomo ndi khomo kugawa makeke a chitomero chake, ndipo aliyense ankalandira maso ali pansi. Nanenso ndinalandira kambale kanga, ndipo sindinathe kudya.

Lotfi anachira, ngakhale mkono uja sukwera bwino. Mpanda anauzikanso chaka chotsatira. A kwa Haji sanabwerenso pakhomo pa Monji. Makina aja ali pa boti mpaka lero, ali ndi mota yoyenera, kampasi ili patali ndi chitsulo chilichonse, ndipo amayenda mowongoka kwabasi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti phula la Monji anatafuna ndi mwana wake, amene anachita kumuchenjeza.