Mlendo pa Nikahi ya Sagal

Tsiku lina Lachinayi, titangoswali Asiri, swala ya chakumadzulo, pakhomo pa Shehe Silaji Mkwanda ku Biwi panaima galimoto yoyera, yaitali, yoti inavutika kukhota m'kanjira kathu. Munatuluka a Haji Guled, Msomali amene wakhala mu Lilongwe zaka zoposa makumi awiri, mwini mathiraki onyamula katundu kuchokera ku Beira. Ine ndinali pakhonde pomwepo. Ndinapita kukafunsa za mwambo wometa tsitsi mwana wanga woyamba, wamkazi, amene anali ndi masiku asanu okha.

A Shehe anali pamkeka, akusoka chikuto cha buku la ku madrasa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Iwowa anaphunzira zaka zisanu ndi zitatu ku Zanzibar, koma munthu wosawadziwa akhoza kuwapitirira n'kumafunsa kuti a Shehe ali kuti. Anaimirira, nayankha salamu, napereka kwa mlendoyo mpando umodzi wokha umene unalipo. Ndinati ndinyamuke, koma a Haji anakweza dzanja.

"Khala, m'bale. Zimene ndabwerera, pofika mawa tawuni yonse ikhala itazimva."

Chichewa chawo n'cha kumsika, chachangu, chosazungulira.

"Shehe, nikahi ya Lamulungu ilekeke, ukwati uja usamangidwe."

"Ya mwana wanu Sagal ndi Mahad, mwana wa a Dirie?"

"Yomweyo. Koma ndinapereka kale mawu anga pamaso pa anthu. Ndikawabweza ndine, anena kuti Guled sasunga mawu ake. Ndiye ndikupempha kuti munene inu kuti mwapeza chovuta m'malamulo a chipembedzo. Inu akumverani."

A Shehe anabaya singano pachikuto paja, naika bukulo pambali.

"Mnyamatayo wasiya kuswali, a Haji?"

"Ayi. Amafika kumzikiti ine ndisanafike."

"Wapezeka ndi mkazi wina amene anabisa?"

"Ayi."

"Kapena Sagal wasintha mtima?"

A Haji anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwawo. "Sagal akulira, lero tsiku lachinayi. Mayi ake akungondiikira chakudya patebulo osalankhula."

"Ndiye chovutacho chili pati?"

"Chili pa bambo a mnyamatayo."

Kwawo kwa a Haji Guled ndi ku Mogadishu, likulu la Somalia. Kwawo kwa a Dirie ndi ku Garowe, kumpoto chakum'mawa, kumene anthu ali ndi boma lawo la chigawo. Mabanja awiriwa anasankha a Shehe Mkwanda, Myao wa ku Namwera, kuti amange nikahiyo chifukwa shehe aliyense wa Chisomali mu tawuni muno ndi wa fuko la uyu kapena la uyo, ndipo sanafune kuti mbali ina idandaule.

A Haji anafotokoza kuti Lamulungu lapitalo amuna a mabanja onse awiri ankamwa tiyi kunyumba kwawo, akukambirana za mpunga ndi mbuzi za pa ukwati. Wina anawerenga pafoni nkhani yoti mtsogoleri wa chigawo china wakana lamulo lochokera ku likulu. A Dirie anati wachita bwino. Tiyi anathera pomwepo.

"M'nyumba mwanga, Shehe, pa kapeti yanga. Ife ndife anthu amodzi, chilankhulo chimodzi, chipembedzo chimodzi, koma mapulezidenti ndiye mpaka kuwerenga zala. Chigawo chilichonse asilikali ake, doko lake, mbendera yake. Mng'ono wanga ali m'manda ku Mogadishu chifukwa cha anthu amene ankati aliyense alamulire kwawo. Ndipereke mwana wanga m'nyumba yotero? Adzukulu anga adzakule akumva zimenezo?"

A Shehe anatambasula manja, namupempherera malemuyo chikhululuko, ife n'kuvomera. Kenaka anafunsa dzina lake ndi zaka zimene anali nazo, ndipo a Haji anayankha motsitsa mawu kuti anali Liban, wa zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Nanga a Dirie akuti chiyani?"

"Akuti pamene mphamvu zonse zinali ku likulu, kwawo kunalibe msewu, ndipo asilikali a boma anakwirira zitsime za makolo awo, ngamila n'kufa ndi ludzu, ana n'kutsatira. Akuti sadzalolanso munthu mmodzi kugwira dziko lonse m'dzanja limodzi."

"Ndiye kuti nawonso ali ndi manda awo."

"Ali nawo. Koma akufuna kugawa dziko."

"Kugawa kapena kugawana? Pa Chichewa n'zosiyana, a Haji. Anthu ogawana amakhala adakali pamkeka umodzi."

A Haji anaseka pang'ono, mosafuna. "Iye akuti kugawana. Ine ndikuti kugawa. N'chifukwa chake ndabwera kwa munthu wophunzira. Tiweruzeni. Wolondola ndani?"

"Ine Somalia sindinamuonepo," anatero a Shehe. "Ndinangomva fungo la lubani wake m'misika ya ku Zanzibar. Ndikaweruza za madoko ndi zigawo zimene sindikuzidziwa, mawa mudzandipeze ndikuuza madalaivala anu njira ya ku Beira."

"Musadzichepetse, Shehe. Nkhani n'njoonekeratu. Anthu a maganizo a Dirie ndi amene amalowetsa akunja. Lero dziko ili latenga doko, mawa dziko lija labweretsa asilikali, mkuja lina likutiuza tsiku lovotera. Dziko lathu lasanduka nyumba yopanda chitseko."

"Apo ndiye mundiphunzitse, chifukwa inu mukudziwa. Akunjawo amalowa bwanji? Amathyola mpanda?"

"Sathyola. Amachita kuitanidwa."

"Amawaitana ndani?"

A Haji anasendera kutsogolo pampando, chifukwa iyi inali nkhani imene amaidziwa bwino. "Atsogoleri athu omwe. Awiri akakangana, m'malo mokhala pansi pa mtengo monga ankachitira makolo athu, mmodzi amakwera ndege. Amakapeza munthu wamphamvu wakunja, n'kumuuza kuti, kandimenyereni m'bale wanga, koma zioneke ngati mwaganiza nokha. Winayo akaona choncho, nayenso amakwera ndege yake."

"Amachitiranji zimenezo?"

"Manyazi. Safuna kuti dzina lake lide. Amafuna dzanja la wina ligwire ntchito yonyansayo."

"Nanga amene amavutika ndani?"

"Akazi ndi ana. Nthawi zonse."

Kuseri kwa mpanda kunkamveka mayi wina akutsuka mapoto. Kenaka a Shehe anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa njira.

"A Haji, ine ndine wa fuko liti la ku Somalia?"

A Shehe anapitiriza osadikira yankho.

"Kuchokera kwanu ku Area 9 kufika kuno mwadutsa nyumba zingati za akuluakulu a kwanu? Nyumba ya a Dirie nayo ili m'njira momwemo. Simunaime. Mwabwera kwa Myao wa ku Namwera kudzati, kandimenyereni m'bale wanga, koma zioneke ngati mwaganiza nokha. Ndege yokha ndiyo simunakwere."

Ine ndinaweramitsa mutu. Sindinaonepo munthu akulankhula choncho kwa a Haji Guled, amene akalowa mumzikiti anthu amasendera okha kuwapatsa malo kutsogolo. Nkhope yawo inada, ndipo ndinaganiza kuti aimirira n'kumapita. Koma mawu a Shehe analibe ukali. Ankawayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mnzake amene wabwera ndi bala.

"Inu si wakunja, Shehe," anatero a Haji pomaliza. "Ndinu m'bale wathu m'chipembedzo."

"Alhamdulillah, ndine m'bale wanu. N'chifukwa chake sindinganamizire malamulo a Mulungu kuti ndikubiseni. Tsiku lachiweruzo adzandifunsa kuti chovuta chija ndinachipeza pa tsamba liti, ndipo inu simudzakhalapo kuti mundiyankhire. Ngati mukukana ukwatiwu, ndinu bambo wa mwana, kanani ndi pakamwa panu, pamaso pa Sagal, mumuuze kuti chifukwa chake ndi doko limene iye sanalionepo. Wobadwira kuchipatala cha Bwaila konkuno uja."

A Haji anapukuta kumaso ndi kansalu kamene amakoleka paphewa.

"Sindingathe kumuuza zimenezo."

"Ndikudziwa. Mukadatha simukadabwera kuno."

"Koma Dirie sabweza mawu ake. Ndimamudziwa. Mutu wake ndi mwala."

"Nanunso simubweza anu, ndipo palibe amene wakupemphani kutero."

"Ndiye tidzakhala bwanji? Ana athu m'nyumba imodzi, ife tikukangana pa Idi iliyonse?"

A Shehe anatola singano yawo, naipukuta pa mkanjo.

"Muzidzakangana, a Haji. Dziko ndi lanu nonse awiri, ndipo munthu sakangana choncho pa chinthu chimene sachikonda. Pitani kwa a Dirie dzuwa lisanalowe, nokha, popanda wokulankhulirani. Akaphike tiyi wina. Mukawauze za Liban, iwo akakuuzeni za zitsime, mukakangane mpaka mawu athe. Dzuwa likalowa, Magharibi ikakwana, mmodzi wa inu akatsogolere swala, winayo akaime pambuyo pake. Ine Lamulungu ndibwera monga munandiitanira poyamba. Ndidzafunsa mwana wanu ngati walola, ndidzapempha madalitso, ndidzadya mpunga umene mudzandipatse, kenaka ndizidzabwerera kwathu ku Biwi. Ntchito ya mlendo m'nyumba ya eni imathera pamenepo."