Pikapu Yonjenjemera ya Mayi Nangondo

Ana inu, pafupi ndi msika wa ku Masasa, pamene msewu wa ku Golomoti umapatuka kuchoka mu msewu waukulu, pankakhala mayi wina dzina lake Nangondo. Mayiyu anali ndi pikapu yoyera, yakale ndithu, ndipo ankayendetsa yekha. Sabata iliyonse ankatsitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa phiri la Khwekhwerere kupita nazo ku Golomoti. Msewu umenewo ndi wokhotakhota ndiponso wotsetsereka, moti dalaivala amene sakhulupirira mabuleki ake saugwira n'komwe.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wa a Nangondo, Ndaziona, ankakwatiwa ku Mtakataka, kumunsi kwa phirilo. Pikapu yomweyo ndiyo inkayenera kutsitsa mkwatibwi ndi amayi a kwaya Loweruka m'mawa.

Lachinayi a Nangondo anapita ku Dedza kukabwereka maluwa a m'miphika okongoletsera tchalitchi. Anatengana ndi mlamu wawo, a Lufeyo, munthu wansangala amene sankadziwa kuyendetsa galimoto koma ankadziwa kulongosola nkhani. Pobwerera a Lufeyo anakhala kumbuyo atakumbatira miphika kuti isagwe. Ali pa liwiro mu msewu waukulu, a Nangondo anaponda buleki, ndipo chopondapocho chinayamba kugunda pansi pa phazi lawo ngati mtima wa munthu wothamanga. Chiwongolero nachonso chinanjenjemera. Atachotsa phazi, zonse zinangoti zii.

Anakhotera pa galaja ya a Chikadza, koma anapeza eni ake atapita kukagula oyilo. Uku telala ankawadikira ndi diresi la mkwatibwi, ndipo amayi ophika anali asanauzidwe kumene kuli nkhuni.

"Alamu, makiyi ndi awa," anatero a Nangondo uku akukwera kabaza. "A Chikadza akabwera muwauze kuti ikunjenjemera ikamathamanga. Mundimverere zimene anene."

"Pitani mtima uli m'malo, alamu. Ine ndinali momwemo, ndaona ndi maso angawa."

A Chikadza atabwera, a Lufeyo anafotokoza ndi manja omwe. "Amakanika, galimoto iyi ikuvina! Miphika kuchita kugundana, dothi kutayika, maluwa ofiira aja kuthothoka ngati agwidwa ndi chisanu."

"Imatero nthawi zonse, kapena akaponda buleki?"

"Nthawi zonse! Kuchokera ku Dedza maluwa sanapumeko."

Galimoto ikamanjenjemera nthawi zonse pa liwiro, makanika aliyense amayamba wayang'ana matayala. A Chikadza anawaika pa makina, napeza limodzi likupendekera pang'ono, n'kulikonza. Anazungulira nayo pa msika pang'onopang'ono, osamva kanthu. Madzulo a Lufeyo anafika kunyumba akumwetulira, nati, "Akuti yachira. Anali matayala basi."

Lachisanu m'mawa a Nangondo anatenga pikapu ija kukagula mafuta ophikira ku Lizulu. Pamalo ena otsetsereka mbuzi inadumphira mu msewu. Iwo anaponda buleki mwamphamvu, chopondapo chinawakankha phazi, chiwongolero chinafuna kuwapulumuka m'manja. Mbuzi inapulumuka, koma a Nangondo anaima pambali pa msewu. Anaganiza za mawa: Ndaziona pampando wa pambali pawo, amayi khumi kumbuyo, ndi phompho la Khwekhwerere. Anatembenuza galimoto kulunjika ku galaja, mafuta ophikira n'kuwaiwala.

"A Chikadza, lero musandifunse ndili chiimire. Kwerani tiyende."

Anakwera. Atalowa mu msewu waukulu, a Chikadza anati, "Thamangitsani, koma buleki musaikhudze." Galimoto inayenda myaa. "Tsopano pondani pang'ono." Nthawi yomweyo kugunda kuja kunayamba, ndipo a Chikadza anaika dzanja pa chiwongolero n'kumva chikunjenjemera. Kenako anawauza kuti achepetse liwiro pamalo opanda anthu, a Chikadzawo n'kukoka handibuleki pang'onopang'ono. Panalibe kugunda kulikonse.

"Mayi, handibuleki imagwira mawilo akumbuyo, ndipo kumeneko kulibe mlandu. Vuto lili kutsogolo. Bwanji dzulo simunandiuze kuti zimayamba mukaponda?"

"Ndimayesa alamu anga anena."

"Alamu anu anali ndi phazi pa buleki?"

Onse awiri anaseka, ngakhale a Nangondo anaseka mwamanyazi.

Ku galaja a Chikadza anachotsa tayala lakutsogolo n'kuwaonetsa disiki, chitsulo chozungulira chija chimene mabuleki amachipana kuti galimoto iime. Chinali ndi mawanga abuluu ngati chapsa. Anagwira choko pafupi nacho osasuntha dzanja, n'kuchizunguza. Chokocho chinalemba mbali imodzi, mbali ina n'kudumpha.

"Mwaona? Chapindika. Chikamazungulira chimakankha mabuleki, mabuleki n'kukankha phazi lanu. Tandiuzani, mukatsika phiri lija mumatani?"

"Ndimaima pa mjigo wa kumunsi kuja. Mawilo amakhala akununkha kupsa, ndiye ndimawathira madzi ndowa imodzi kuti azizire. Anzanga onse a kabichi amatero."

A Chikadza anagwira m'chiuno. "Inu amayi, chiwaya chikafiira pamoto mumachiponya m'madzi?"

"Ayi, chikhoza kukhota."

"Nanga galimoto yanuyi inakulakwirani chiyani?"

Apo a Nangondo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. A Chikadza anapachika ntchito zina zonse, naika madisiki atsopano mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mapadi ake, tizidutswa timene timapana disiki. Anawalangiza kuti potsika phiri aziika giya yachiwiri kuti injini iziwathandiza kugwira galimoto, ndipo mawilo akatentha aziwaleka azizire okha. Anayendanso limodzi mu msewu waukulu, a Nangondo n'kuponda katatu konse, ndipo chopondapo chinangokhala phee.

Loweruka pikapu inatsika Khwekhwerere mwaulemu ngati nayonso yavala diresi. Amayi a kwaya anaimba kuyambira pamwamba mpaka kumunsi, ndipo pa mjigo paja a Nangondo anangoimba hutala osaima. Ku phwando a Chikadza, amene anaitanidwa mokakamiza, anafotokoza nkhani yonse. Amuna a Nangondo anaimirira n'kuloza mng'ono wawo, a Lufeyo. "Uyu ndi Kandimverere! Tinamutuma za mabuleki, iye n'kukanena za m'maluwa!"

"Koma achimwene, maluwawo ankavinadi!" anayankha a Lufeyo, ndipo anthu anagwa nako kuseka, iwonso n'kuseka nawo.

Amene amakonda nkhaniyi amati ndi mmene unayambira mwambi uja wakuti: Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ena amatsutsa, amati mwambiwu ndi wakale kuposa galimoto, ndipo mwina akulondola. Koma tanthauzo lake ndi lomwelo.

Taonani, a Lufeyo sananame. Kumbuyo kwa pikapu kumagwedezeka nthawi zonse, ndipo iwo ananena zimene anaona ali pamene anakhala. A Chikadza anafunsa funso loyenera, koma anafunsa munthu amene sakanatha kuliyankha. A Nangondo nawo sitingawadzudzule kwambiri, pakuti mayi wa mkwatibwi sangakhale paliponse, ndipo kutuma anzathu ndi mbali ya kukhalira limodzi. Pali zinthu zambiri zotumika: nkhuni, mchere, uthenga wa tsiku la msonkhano. Koma pali zina zimene mwini wake yekha ndiye akuzidziwa, chifukwa ndiye wazimva m'thupi mwake. Zimenezo zikadutsa pakamwa pa wina zimafika zitasintha, ngakhale wotumidwayo akhale wokukondani chotani. Choncho nkhani ikakhala yokhudza moyo, kaya ndi kwa dokotala, kwa aphunzitsi kapena kwa makanika, siyani zimene mukuchita, mupite nokha, mukanene nokha, ndipo yankho lake mukalimve ndi makutu anu.